Chifukwa Chimene Zambia Inavomereza Biafra

Pa 20 May 1968 Boma la Zambia, lotsogozedwa ndi Dr. Kenneth Kaunda, linavomereza kuti Biafra ndi dziko loima palokha. Tanzania ndiyo inayamba pa 13 April, kenaka Gabon ndi Ivory Coast. Maiko ena onse a mu Africa sanatero, pakuti bungwe la O.A.U. linaopa kuti chigawo chimodzi chikapatuka lero, mawa zipatukanso zina.

Biafra inapatuka ku Nigeria pa 30 May 1967, Aigbo zikwi zambiri ataphedwa kumpoto mu 1966. Asilikali a General Gowon anaitsekera njira pamtunda ndi panyanja pomwe, ndipo ana anayamba kutupa mimba ndi njala. Maganizo a Zambia anali akuti umodzi wa dziko sungakakamizidwe ndi mfuti.

Mkangano waukulu unali pa njira yodzera chakudya. Boma la ku Lagos linafuna kuti thandizo lidzere pamtunda, kapena pa ndege za masana zoyamba zafufuzidwa. Colonel Ojukwu anakana, nati chakudyacho chingathiridwe chiphe. Motero ndege za mipingo zochokera ku São Tomé zinkatera usiku pamsewu wa ku Uli, pamene pankateranso ndege zonyamula zida. Pa 5 June 1969 ndege yankhondo ya Nigeria inagwetsa ndege ya Red Cross.

Biafra inagonja mu January 1970. Anthu amene anafa ndi njala anaposa kutalitali amene anafa ndi zipolopolo, ndipo ambiri mwa iwo anali ana.