Mdima wa m'mbali mwa vidiyo umachokera kuti?

Tiyerekeze kuti amalume anu ali ku Joni, akugwira ntchito pamgodi wa platinamu ku Rustenburg. Lamlungu ajambula kwaya ya Amalawi ikuimba kutchalitchi, foni ataigwira choimika monga timachitira tonsefe. Vidiyoyo aipereka kwa mnyamata amene amasamalira tsamba la pa intaneti la mpingo wawo. Inu mwatsegula pa kompyuta ya kusukulu, ndiye mukuona oimba apanikizana pakatikati, kumanzere kuli bii, kumanja kuli bii. Kodi kompyuta yafa? Ayi ndithu. Nkhani yagona pa felemu.

Womanga nyumba akafika pazenera amaika felemu, ndipo galasi liyenera kulowa mmenemo ndendende. Wokonza tsamba la pa intaneti amachitanso chimodzimodzi. Amalemba kabokosi n'kuuza kompyuta kuti vidiyo izionekera umu. Kawirikawiri kabokosiko kamakhala kogona ngati TV za masiku ano: mukayeza 16 chopingasa, chotsika mupeza 9. Akatswiri amangoti 16:9. Chithunzi chowala bwino cha mtundu umenewu chimakhala ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika. Ma TV akale a chithumba kumbuyo aja anali 4:3. Tsono foni yoimika imatembenuza manambala, imajambula 9:16. Vidiyo ya amalume ili ngati chitseko, pomwe malo amene aikonzera ndi a zenera.

Apa mnyamata uja ayenera kusankha. Akhoza kuikoka vidiyoyo m'mbali mpaka idzaze bokosi lonse, koma nkhope za oimba zidzatambalala ngati maungu, ndipo amayi a kwaya sadzamukhululukira. Akhozanso kuikulitsa osaikoka. Bokosi lidzadzaza bwinobwino, kungoti zotsala kunja zidzadulidwa: mitu pamwamba, miyendo pansi, inu n'kumaonera mimba zikuimba. Njira yachitatu ndi kuisiya yathunthu, malo otsala m'mbali akhale opanda kanthu. Mdima uja ndi umenewo, malo amene vidiyo yalephera kufikapo. Ine ndikadakhala iye ndikadangosintha felemuyo kuti nayonso iime. Zenera la njerwa ukafuna kusintha mpaka ugumule khoma, koma la pa kompyuta umangosintha manambala awiri.

Yesani nokha. Tengani pepala, boolani kazenera ka masentimita 16 chopingasa ndi 9 chotsika, muyang'ane chitseko cha nyumba yanu kudzera pamenepo. Kuti chioneke chonse mubwerera m'mbuyo, ndipo khoma lilowerera m'mbali. Mukasendera pafupi, khoma lichoka koma chitseko chiduka. Kenako tembenuzani pepalalo liime, muone kusintha kwake.

Felemu ikatheka, pamabwera funso la pokhala. Vidiyo ikhale kumanzere, kumanja kapena pakati? Ikakhala kumbali, mawu olembedwa patsamba amayenda moizungulira ngati madzi polambalala mwala. Kompyuta imamva zonsezi kudzera m'zilankhulo ziwiri. HTML imatchula zimene zili patsamba, kuti apa pali mutu, apa pali vidiyo. CSS ndiyo imanena maonekedwe: kukula kwake, mtundu wa mkombero, ngakhale kuti makona akhale osongoka kapena obulungira. Maganizo a CSS anawabweretsa bambo wina wa ku Norway, Håkon Wium Lie, m'chaka cha 1994. Masiku ano mapulogalamu monga WordPress, yomwe inayamba mu 2003, ali ndi timabatani toti ungodina, CSS n'kumagwira ntchito kuseri.

Pali kamsampha kamodzi. Tsamba lomwelo ena alitsegula pa kompyuta yaikulu, agogo ku Mzimba alitsegula pa kafoni kopapatiza. Mnyamata uja akalamula kuti vidiyo ikhale timadontho 1920 zivute zitani, pa kafoniko idzasefukira kunja. Wochenjera amalemba kuti 100%, kutanthauza kuti tenga malo onse amene wawapeza, osapitirira.

Nanga vidiyoyo imagona kuti inu mukazimitsa kompyuta? Imasungidwa m'nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta, ndipo zambiri zimalembedwa pa timbale tozungulira totchedwa hard disk. Timbaleti amatikuta ndi chitsulo chopyapyala kwambiri chosakaniza cobalt ndi platinamu. Platinamu woposa theka wa padziko lonse amakumbidwa ku South Africa, wambiri mwa iye m'migodi yozungulira Rustenburg ndi Marikana, kufupi ndi mapiri a Magaliesberg. Ndiye n'kutheka kuti nyimbo ya kwaya ija yagona pa platinamu wochokera mumgodi womwe amalume amalowa Lolemba m'mamawa.