Kodi Nsapato Imodzi Ingagwire Ntchito Ziwiri za M'madzi?

Makolo ambiri a mumpingo wathu ali ndi ana amene anapita ku South Africa kukagwira ntchito kapena kukaphunzira, ndipo ena mwa anawo amakhala m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja yamchere monga Durban ndi Cape Town. Ana ena ali kwathu konkuno, ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear, kuja kumene amishoni a Livingstonia anayamba kumanga m'chaka cha 1875. Masiku ano alendo amafika kumeneko kudzaona nsomba za mbuna pansi pa madzi, ndipo anyamata athu amapeza ntchito yowatsogolera. Achinyamata otere amakumana ndi masewera awiri amene makolo awo sanakule nawo: kukwera mafunde munthu ataima pa thabwa, ndi kubira pansi pa madzi atabereka silinda ya mpweya kumsana. Pa masewera onse awiriwa anthu amavala nsapato za labala wofewa wotchedwa neoprene. Popeza ndalama ndi yosowa, mwana amafunsa kuti: kodi sindingagule nsapato imodzi yokha yochitira zonse ziwiri? Funsoli likuoneka laling'ono, koma likukhudza thumba la banja ndiponso moyo wa mwanayo.

Labala ameneyu ndi wotani?

Neoprene sachokera kumtengo monga labala wa ku Vizara. Anapangidwa koyamba ndi akatswiri a kampani ya DuPont ku America m'chaka cha 1930. M'chaka cha 1952, Hugh Bradner, katswiri wa sayansi pa yunivesite ya California ku Berkeley, anasonyeza kuti chovala cha labala ameneyu chingasunge munthu wofunda m'madzi ozizira. Chinsinsi chake n'chakuti m'kati mwa labalayo muli timatumba tambirimbiri ta mpweya, ndipo mpweya sulola kutentha kudutsa msanga. Madzi pang'ono amalowa ndithu m'chovalacho, koma thupi limawafunditsa, ndipo ngati chovalacho chagwira bwino, madziwo sachoka kuti alowe ena ozizira.

Tisaiwale kuti madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira koposa mpweya, pafupifupi ka 25. Mapazi ndiwo amayamba kuchita dzanzi, ndipo phazi ladzanzi silimva pamene laponda. Chifukwa chake nsapatozi zimapangidwa zochindikala mosiyanasiyana: mamilimita 3 za m'madzi ofundirako, mamilimita 5 kapena 7 za m'madzi ozizira kwambiri.

Nsapato ya wokwera mafunde

Munthu wokwera mafunde amawongolera thabwa lake ndi mapazi. Ayenera kumva pamene thabwalo likupendekera, ndi kusuntha zala zake m'kanthawi kochepa. Chomwecho nsapato yake ili ndi chopondera chopyapyala ndi chofewa, chopindika ngati phazi lenileni. Nthawi zambiri ilibe zipi, ndipo imathina pa kakolo kuti funde likamenya isadzale madzi kapena kuvuka. Zina anazigawa kutsogolo, chala chachikulu chili ndi chipinda chakechake, kuti phazi lisamatembenuke m'kati mwa nsapato. Ku Cape Town nsapato yotere ndi yofunika, pakuti madzi a Atlantic kumeneko ndi ozizira chifukwa cha mkokomo wa Benguela. Ku Durban, kumene mkokomo wa Agulhas umabweretsa madzi ofunda, ambiri amakwera thabwa opanda nsapato.

Nsapato ya wobira

Ntchito ya wobira ndi ina. Asanalowe m'madzi amayenda pa miyala kapena kutsika m'boti atasenza silinda ndi zitsulo zomulemeretsa, katundu amene kawirikawiri amaposa makilogalamu 20. Phazi losenza katundu wotere limasowa chopondera cholimba, chosalola mwala wakuthwa kapena botolo losweka kuboola. Akalowa m'madzi, amalowetsa nsapatoyo m'zipsepse za labala zopalasira, zimene zimamangidwa ndi lamba kuchidendene. Chifukwa cha ichi nsapato yake anailimbitsa kuchidendene ndi pamwamba pa zala, malo amene zipsepse zimakhula, ndipo ili ndi zipi m'mbali kuti ivalidwe msanga.

Palinso chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Munthu akatsika mamita 10, mphamvu yomupanikiza imawirikiza kawiri. Akafika mamita 30, imakhala kanayi poyerekeza ndi pamtunda. Timatumba ta mpweya tija timafinyika, labala amapyapyala, ndipo sasunganso kutentha monga kale. Labala wa zovala zokwerera mafunde amapangidwa wofewa ndi wotamuka kwambiri, ndipo ndiye amene amafinyika msanga. Akatsika naye pansi kawirikawiri, amatsala wophwatalala osabwereranso mwakale.

Nanga yankho ndi lotani?

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Wokwera thabwa atavala nsapato yobirira amakhala ngati wavala mabuti a kumunda: samva thabwa, madzi amalowera pa zipi, ndipo phazi limalemera pa nthawi imene ayenera kudzuka msanga. Wobira atavala nsapato yokwerera mafunde amalasidwa ndi miyala pamene wasenza katundu, ndipo chipsepse chimagwedera chifukwa nsapatoyo ndi yowonda. Chipsepse chikavuka munthu ali pansi pa madzi, imeneyo si nkhani ya masewera ayi.

Komabe sitikunena kuti n'zosatheka konse. Kwa mwana amene amabira mwa apo ndi apo, m'madzi osaya ndi ofunda, ndipo amalowa kuchokera m'boti kapena pa mchenga, nsapato imodzi ingakwanire. Ikhale ya mamilimita 3 kufikira 5, yozungulira kutsogolo yosagawa zala, ya chopondera chosachindikala kwambiri koma chosaterera. Pogula atenge zipsepse zake, aziyese pamodzi ndi nsapatoyo asanapereke ndalama. Koma iye amene kubira ndiyo ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, kapena amene amabira m'madzi ozizira a ku Cape Town, ayambe wagula nsapato yobirira yeniyeni. Pa thabwa angathe kudikira kufikira ndalama itapezeka, pakuti wogwa pa thabwa amadzuka n'kukweranso, pamene wovutika ali pansi pa madzi alibe mpata wotere.

Wogula pa kaunjika akumbukire za chikomekome cha mkuyu. Afinye labalayo ndi zala. Ngati sabwerera msanga, kapena ali ndi ming'alu, nsapatoyo inatha kale. Imene muli nayo isamalidwe: muziitsuka ndi madzi oyera mukaigwiritsa ntchito, makamaka ikachokera m'madzi amchere, ndipo muziiyanika pamthunzi, pakuti dzuwa limaumitsa labala.

Chenjezo la kunyanja yathu

Madzi a m'nyanja ya Malawi ndi ofunda chaka chonse, kotero kuti kuno ntchito yaikulu ya nsapato ndi kuteteza phazi ku miyala ndi ku zipsepse zokhula. Koma wina asanamizidwe kuti nsapatoyi imateteza ku likodzo. Taona kale kuti madzi amalowamo ndi kukhudza khungu, ndipo tizilombo ta likodzo, tochokera m'nkhono za m'madzi, timalowera pakhungupo. Mnyamata aliyense wogwira ntchito m'nyanja azipita kuchipatala kukayezetsa ndi kulandira mankhwala monga alangiza azaumoyo.

Mau kwa makolo ndi ana

Inu makolo, mwana akapempha thandizo logulira zida zotere, musafulumire kunena kuti n'zachibwana, ndiponso musamukakamize kugula chotsika mtengo chokha. Mufunseni kumene amalowera m'madzi, kuya kumene amafika, ndi amene anamuphunzitsa, popeza palibe woyenera kubira ndi silinda asanaphunzitsidwe ndi mlangizi wovomerezeka. Inunso achinyamata, kusunga ndalama ndi khalidwe labwino la Mkhristu, koma thupi limene Mulungu anakupatsani ndi la mtengo woposa nsapato. Gulani choyenera ntchito imene mumaigwira koposa, chisamalireni, ndipo mubwerere kumtunda muli amoyo kwa iwo amene akukuyembekezani kunyumba.