Masitolo Akuluakulu: Kodi Mlimi wa ku Milange Apindulapo Chiyani?

MILANGE — Nyengo yokolola ikafika, pa chipata cha Muloza pamadutsa njinga zosenza matumba a chimanga, nyemba ndi nandolo, ulendo wa ku msika wa Limbuli ku Malawi. Achinyamata ambiri a kuno amadyera pomwepa, koma maso ali ku ntchito ya pamwezi.

Kampani ya Shoprite ya ku South Africa itatsegula sitolo ku Maputo mu 1997, kenaka ku Beira ndi ku Nampula, idalemba anthu olandira ndalama, ophika buledi ndi odula nyama. Koma ntchitozi zimathera m'mizinda, ndipo zimafuna wodziwa Chipwitikizi ndi masamu. Sizamuyayanso: mu 2025 kampaniyi idalengeza zogulitsa masitolo ake asanu a ku Malawi.

Mwayi wa munthu wakumudzi uli kumunda. Sitolo yaikulu imafuna nyemba zouma, zosankha bwino, zokwana pa sikelo, zofika pa tsiku lopangana. Mlimi payekha sangathe, koma gulu la alimi likhoza. Msewu wa tala wa ku Mocuba ulipo kale. Chatsala n'kugwirizana, paja mutu umodzi susenza denga.