Za Mwazi Umene Tilandira kwa Makolo

Abale athu a m'midzi yozungulira Limbe, mudaonapo ana awiri akumwa mankhwala amodzi, wina nacira, mnzace nafooka, maso ace nacita cikasu. Pamenepo ambiri athamangira kunena za ufiti. Tsono imvani cimene anzeru adapeza.

M'mwazi mwathu muli timaselo tofiira tonyamula mpweya, ndi timaselo toyera, asilikali a thupi, tomenyana ndi tizilombo. M'kati mwa tonseti mukhala kanthu kogwira nchito kochedwa enzaimu ya G6PD. Iko kacinjiriza tofiira kuti tingasweke, nikapatsa toyera mphamvu yophera tizilombo. Koma kanthuka sikalingana mwa anthu onse: wina abadwa nako kamphamvu, wina kofooka, monga adalandira kwa makolo. Mwana wamwamuna akalandira kwa amace okha, ndipo cifukwa cace vutoli licuruka mwa anyamata. Mtundu umene upezeka kuno ku Afrika usautsa tofiira makamaka. Toyera tigwirabe nchito yace.

Madokotala a ku Chicago adazindikira ici m'caka ca 1956, poona anthu ena akutha mwazi atamwa primaquine. Kwathu kuno, kafukufuku wocitika pa cipatala ca Gulupu ku Blantyre ndi ku Chikwawa, wofalitsidwa mu 2008, adaonetsa kuti kufooka kwa G6PD ndi cimodzi ca zocepetsa mwazi wa ana. Caka comweco mankhwala a malungo ochedwa Lapdap adaletsedwa, popeza adali kuswa mwazi wa anthu otere.

Musayese kuti ndi tsoka lokha. Cibadwa cimeneci cifala m'maiko a malungo, pakuti cithandizako kucinjiriza munthu ku malungo akulu.

Nanga ife ticitenji? Mwana akamwa mankhwala, mkodzo wace nukhala wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, zikhato zace niziyera, pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo, mutatenga mankhwalawo kuti adokotala awaone. Khanda likacita cikasu, musacedwe. Timibulu toyera tonunkha, toika m'zovala poopa njenjete, musatiike m'nsalu za khanda. Ndipo musaleke kuciritsa malungo cifukwa ca mantha, pakuti malungo apha msanga.

Inunso abambo, musadzudzule mai wa mwana. Iye sadasankhe cimene adalandira kwa makolo ace, monganso inu simudasankhe msinkhu wanu.