Mmene acinyamata amapangila cokwezela katundu pa loboti ya mpikisano

Mau akuti loboti anthu ambili muno mu Zambia amawadziwa ngati magetsi oongolela magalimoto pa mphambano. Loboti imene ikunenedwa pano ndi makina oyenda pa mawilo amene ana a sukulu amapanga okha ndi kukapikisana nawo.

Umodzi mwa mipikisano yotele ndi FIRST Tech Challenge, woyendetsedwa ndi bungwe la FIRST limene Dean Kamen anakhazikitsa ku America mu 1989. Lamulo lake likuti poyamba masewela, loboti isapitilile masentimita pafupifupi 46 m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu. Koma mu masewela a PowerPlay a 2022 mpaka 2023, loboti inafunika kuveka tumakoni pa mizati, ndipo mzati wautali kwambili unali wa masentimita 85. Apa ndiye panagona nkhani: makina aafupi afike pamwamba.

Njila imene magulu ambili anatsata ndi ya cokwezela cotalika ndi kufupika ngati mlongoti wa wailesi. Amasanjikiza zitsulo zotsetseleka zofanana ndi za madilowa a kabati, atatu kapena anai, ndi kupyoza cingwe pa tumawilo tomangidwa kumapeto kwa citsulo ciliconse. Mota yoyendela batile ya mavoti 12 ikakulunga cingweco, zitsulo zimasololoka kupita m'mwamba.

Kamangidwe ka cingwe kali pawili. Ena amadutsitsa cingwe cimodzi m'zitsulo zonse, ndipo zimakwela motsatizana. Ena amapatsa citsulo ciliconse cingwe cake kotelo kuti zonse zimakwela nthawi imodzi. Pa njila yaciwiliyi, ngati zitsulo zoyenda zili zitatu, mota ikakulunga masentimita 10 katundu amakwela masentimita 30, koma mphamvu yokokela imafunikanso kuwilikiza katatu. Ndiye cifukwa cake kusankha magiya ndi nkhani yaikulu: ofulumila kwambili amalepheletsa mota kunyamula mpaka kutentha, pamene ocedwa amadya nthawi, ndipo masewela amatha m'mphindi ziwili ndi theka zokha.

Kutsitsa nako kumavuta. Amene amadalila kulemela kwa zitsulo kuti zibwelele pansi amagwilitsidwa mwala zitsulozo zikakakamila, conco ocenjela amaikako cingwe caciwili cokokela pansi ndi sipuling'i yocikunga kuti cisalelemuke ndi kucoka pa tumawilo.

Pa masekondi 30 oyambilila palibe munthu amaloledwa kuyendetsa loboti. Kacipangizo kochedwa encoder kamawelenga kuzungulila kwa mota, ndipo pulogilamu imaimitsa cokwezela pa msinkhu woyenela. Pansi pake amaikapo switch yodziwitsa kuti zitsulo zafika kumapeto, kuopa kuti mota ingadule cingwe.

Loboti ikathamanga cokwezela cili m'mwamba imagubuduka mosavuta, motelo batile ndi mamota amaziika pansi penipeni.