Makina Odyetsera Nsomba za m'Nyumba

Nsomba za m'galasi

Nsomba zimakhala m'nyanja, m'mitsinje ndi m'maiwe. Asodzi amazigwira, anthu n'kudyera nsima. Koma pali anthu ena amene amaweta nsomba m'nyumba. Iwo sazidya ayi. Amangoziyang'ana cifukwa ndi zokongola.

Nsomba zoweta zimakhala m'bokosi la galasi lodzaza madzi. Bokosi limeneli dzina lake ndi akwariyo. Pansi pake amaikapo mcenga ndi miyala. Mumakhalanso sefa yoyeretsa madzi.

Zina mwa nsomba zimenezi kwawo ndi ku Nyanja ya Niassa. A ku Malawi amati Nyanja ya Malawi. Nyanjayi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba. M'caka ca 2011 boma la Moçambique linalamula kuti mbali yake ya nyanjayi ikhale malo otetezedwa.

Pakati pa miyala ya m'nyanjayi pamakhala nsomba zazing'ono. Dzina lake ndi mbuna. Zina ndi zabuluu. Zina ndi zacikasu. Zina ndi zamizeremizere. Lero mbuna zimawetedwa m'nyumba za anthu kutali kwambiri, monga ku Lisboa, ku London ndi ku Johannesburg.

Banja likacoka, nsomba zidya ciyani?

M'nyanja, mbuna imadzifunira yokha cakudya. Imapala ndere pa miyala ndi mano ake ang'onoang'ono. M'galasi sizili conco. Nsomba ya m'galasi ili ngati mbuzi ya m'khola. Imadikira mwini wake kuti aipatse cakudya.

Nthawi zina banja limapita pa ulendo. Sukulu ikatsekera, ana amapita kwa agogo. Mwina kumudzi kwagwa maliro. Mwina kuli ukwati. M'nyumba simutsala munthu. Nanga nsomba adzazidyetsa ndani?

Ulendo ukakhala wa masiku 2 kapena 3, palibe vuto. Nsomba yaikulu, yathanzi, siifa ndi njala ya masiku ocepa. Mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata 3. Nthawi yonseyi siidya kwenikweni, koma imakhalabe moyo.

Ulendo ukakhala wautali, nsomba zimafuna cithandizo. Apa ndi pamene makina odyetsera nsomba amathandiza.

Makinawa ali bwanji?

Makina odyetsera nsomba ndi aang'ono. Munthu wamkulu amawanyamula ndi dzanja limodzi. Amakhala pamwamba pa akwariyo, m'mphepete mwa galasi.

Makinawa ali ndi zinthu 4.

Coyamba ndi kankhokwe. M'menemo amathiramo cakudya couma.

Caciwiri ndi kacitseko. Kacitseko kakatseguka pang'ono, cakudya cimatuluka pang'ono. Kakatseguka kwambiri, cakudya cimatuluka cambiri.

Cacitatu ndi kawochi. Kawochi ndiko kamadziwa nthawi ya cakudya.

Cacinayi ndi mapilya, amene ena amati mabatire. Mapilya amapatsa makina mphamvu. Makina ambiri amafuna mapilya 2 aang'ono, ngati a mu wailesi yaing'ono.

Nthawi ikakwana, kankhokwe kamazungulira kamodzi. Kacitseko kakafika pansi, cakudya cimagwera m'madzi kuti waa! Nsomba zimathamangira pamwamba n'kuyamba kudya. Kankhokwe kamaima, n'kudikira nthawi ina.

Kusankha makina

Makina odyetsera nsomba alipo a mitundu iwiri yodziwika.

Mtundu woyamba uli ndi kankhokwe kamodzi kozungulira. Mumalowa cakudya ca masiku ambiri. Koma muyezo wake umasintha pang'ono. Lero cituluka cambiri, mawa cocepa.

Mtundu waciwiri uli ngati mbale yokhala ndi tizipinda. Mwini wake amayeza yekha cakudya, n'kuika m'kacipinda kalikonse. Nthawi ikakwana, kacipinda kamodzi kamakhuthula cakudya cake. Muyezo wake sulakwika. Koma tizipinda tikatha, cakudya cathanso.

Banja lokhala ndi nsomba zocepa limacita bwino ndi makina a tizipinda. Banja lokhala ndi akwariyo wamkulu ndi nsomba zambiri lingasankhe makina a kankhokwe.

Asanagule, makolo amayang'ana zinthu izi:

Kodi kacitseko kamatha kutseguka pang'ono kwambiri?

Kodi makina amagwira galasi molimba, osagwera m'madzi?

Kodi civundikiro cimatseka bwino, kuti nyerere ndi mphemvu zisalowe?

Kodi mapilya ake amapezeka pa msika wapafupi?

Masiku ano kuli makina ena amene munthu amawalamula ndi telefoni ali kutali. Amenewa amafuna intaneti. Kumene magetsi amazimazima, makina a mapilya ndiwo odalirika. Magetsi akazima, iwo amagwirabe nchito.

Cakudya coyenera

M'makina mumalowa cakudya couma cokhacokha. Nsima, mpunga wophika ndi nyongolotsi sizilowa ayi. Zimawola, ndipo zimatseka kacitseko.

Cakudya ca nsomba ca m'sitolo cilipo ca mitundu iwiri. Cina ndi timibulu, tonga njere za mawere. Cina ndi copyapyala ngati gaga. M'makina, timibulu ndito tabwino. Timagubuduka bwino ndipo timatuluka mosavuta. Cakudya copyapyala cimakoka cinyontho msanga. Cikanyowa cimagwirana ngati ufa wa m'dzinja, n'kukanirira m'kati.

Nsomba iriyonse ili ndi cakudya cake. Mbuna zambiri zinazolowera ndere. Conco zimafuna cakudya copangidwa ndi zomera. Zikadya cakudya ca nyama cambiri, mimba imatupa ndipo zimadwala.

Malo oika makina

Mdani wamkulu wa makina ndi cinyontho. Mu akwariyo mumakhala thovu la mpweya limene limaphulika pamwamba pa madzi. Thovulo limawaza timadontho. Makina asakhale pamwamba pa thovu.

Makina asakhalenso pafupi ndi pakamwa pa sefa. Sefa ingakoke cakudya nsomba zisanadye.

Malo abwino ndi ouma, pamwamba pa madzi odekha. Pamenepo cakudya cimagwa, nsomba n'kuciona msanga.

Cakudya cambiri cimapha nsomba

Nsomba ikaona munthu imabwera kufupi ndi galasi. Imatsegula kukamwa ngati ili ndi njala. Mwana amaimvera cisoni, n'kuithirira cakudya cambiri. Uku ndi kulakwa.

Mimba ya nsomba ndi yaing'ono. Cakudya cotsala cimamira pansi n'kuwola. Cikawola, madzi amacita mbuu ndipo amanunkha. M'madzimo mumabadwa poizoni. Mpweya wabwino umacepa. Nsomba zimakwera pamwamba n'kumapuma movutika. Pamapeto pake zimafa.

M'nyanja madzi ndi ambiri, ndipo mafunde amacotsa zonyansa. M'galasi madzi ndi ocepa. Zonyansa zilibe kopita.

Nsomba za m'galasi zimafa kawirikawiri ndi kukhuta, osati ndi njala. Muyezo wabwino ndi uwu: cakudya cimene nsomba zimatha pa mphindi 2. Zidye kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Banja likakhala pa ulendo, kamodzi pa tsiku n'kokwanira.

Kuyesa makina

Makina sadziwa kuti nsomba zilipo zingati. Saona kuti madzi ada. Amangocita zimene munthu wawauza. Munthu akatsegula kacitseko kwambiri, makina adzathira cakudya cambiri tsiku ndi tsiku mpaka nsomba zitatha. N'cifukwa cake banja limayesa makina masiku 7 ulendo usanafike.

Tsiku loyamba, amayi kapena atate amaika makina pa tebulo. Pansi pake amayala pepala loyera. Amakanikiza kabatani, cakudya n'kugwera pa pepala. Ana amawerenga timibulu: 1, 2, 3, 4, 5. Amayesanso kaciwiri ndi kacitatu. Timibulu tikacuruka, amatseka kacitseko pang'ono.

Tsiku laciwiri, makina amakwera pa akwariyo. Kuyambira tsiku limeneli, palibe amene amathira cakudya ndi manja. Nchito ya ana ndi kuyang'ana. Kodi makina azungulira pa nthawi yake? Kodi nsomba zatha cakudya conse? Kodi pansi patsala kanthu?

Pansi pakatsala cakudya, muyezo wakula. Aucepetse. Nsomba zikatha conse pa mphindi 2, muyezo uli bwino.

Ulendo ukayandikira

Akulu amati cakudza siciyimba ng'oma. Mapilya angathe mphamvu banja lili kutali. Conco makolo amacotsa mapilya akale n'kuika atsopano. Akasintha mapilya, amayang'ananso kawochi kuti nthawi isasokonekere.

Kutatsala masiku 2, amacotsa madzi ena mu akwariyo, gawo limodzi mwa magawo 4. Amathiramo madzi oyera, osatentha ndiponso osazizira kwambiri. Madzi a pa mpopi amayamba awathira mankhwala ocotsa kolorini, cifukwa kolorini amapha nsomba.

Amathira timibulu touma m'kankhokwe ndi manja ouma. Amatseka civundikiro bwinobwino.

Pa tsiku la ulendo, nsomba sazipatsa kamba. Nsomba siisunga cakudya ca mawa. Cakudya coonjezera cimangowola.

Ngati pali mnansi wokhulupirika, amamupempha kuti azisuzumira pakapita masiku angapo. Iye aone ngati makina akuyenda, ngati sefa ikuyenda, ndiponso ngati nsomba zonse zili moyo. Asathire cakudya cina.

Pobwera ku ulendo

Banja likafika, limayamba layang'ana madzi. Kenaka ana amawerenga nsomba. Makolo amatsegula kankhokwe kuona ngati cakudya cacepa. Cikakhala monga anacisiyira, ndiye kuti makina sanagwire nchito. Nsomba zikatero zimayamba ndi cakudya pang'ono, osati cambiri nthawi imodzi.

Kankhokwe amakapukuta ndi kansalu kouma. Makina akapuma nchito, mapilya amawacotsa. Mapilya akakhalitsa m'kati amatuluka madzi oipa n'kuononga makina.

Banja lopanda makina

Makina ndi a ndalama, ndipo sapezeka paliponse. Banja lopanda makina lingacite motere. Amayi amayeza cakudya ca tsiku limodzi n'kucikulunga m'kapepala. Ulendo wa masiku 10 umafuna timapepala 10. Mnansi amakhuthula kapepala kamodzi pa tsiku. Citini ca cakudya amacibisa, kuti mnansi wacifundo asaonjezere.

Zoti ana akumbukire

Cakudya ca nsomba si ca anthu. Mwana asacilawe.

Mapilya si coseweretsa. Mwana asawaike m'kamwa. Asawataye pa moto kapena m'madzi.

Mwana asagwire waya wa magetsi ndi manja onyowa.

Nsomba za m'galasi asazitaye mu mtsinje kapena m'nyanja. Zingapatse matenda nsomba za m'menemo.

Makina ali ndi wochi, koma alibe maso. Maso ali ndi mwini nsomba. Mwana amene amayang'ana nsomba zake tsiku ndi tsiku ndiye amayamba kuona ngati ina yadwala.

Mafunso

1. Kodi bokosi la galasi lowetera nsomba dzina lake ndi ciyani?
2. Kodi mbuna kwawo ndi kuti?
3. Kodi makina odyetsera nsomba ali ndi zinthu zingati?
4. Cimacitika n'ciyani cakudya cikatsala m'madzi?
5. Kodi banja limayesa makina masiku angati?

Nchito

Jambulani akwariyo m'kope. Muikemo nsomba 3 ndi miyala 5. Pamwamba jambulani makina ndi timibulu 4 tikugwa. Kunyumba, funsani makolo kapena agogo maina a nsomba zimene amazidziwa.