Ufa wachitsulo umene umaulula ming'alu ya sitima

Sitima ya malasha ikamadutsa m'dera la Mfumu Kanduku ku Mwanza, nthaka imanjenjemera ndipo munthu amatopa kuwerenga mabogi asanathe. Ana amaimika dzanja kupatsa moni dalaivala, amayi a manachesi amangodikira kuti idutse awoloke. Koma ndi angati amene adaganizapo za chitsulo chimene chanyamula katundu yenseyo?

Pansi pa bogi iliyonse pali zitsulo zinayi zonenepa ngati thunthu la mtengo, chilichonse cholumikiza mawilo awiri. Amakanika amachitcha ekiselo. Sitima za panjanjiyi zimakoka mabogi mpaka 120, kutanthauza ma ekiselo 480 paulendo umodzi, osawerengera a mitu yokoka. Imodzi yokha itathyoka sitima ili paliwiro, nkhani yake ingakhale ina.

Njanjiyi, yomwe idamangidwa ndi kampani ya ku Brazil ya Vale kuyambira mchaka cha 2012 ndipo idatsegulidwa mwamwambo mu 2017, ndi yotalika makilomita 912 kuchokera ku migodi ya Moatize kukafika ku doko la Nacala-a-Velha m'dziko la Mozambique. Chigawo chatsopano cha kuno kwathu, choposa makilomita 130, chimayambira pa Kachaso ku Chikwawa n'kudzera Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya ku Balaka. Mu 2022 Vale idagulitsa mgodi ndi njanjiyi ku kampani ya Vulcan.

Vuto la ekiselo ndi loti chitsulo chimatopa. Amene adathyolapo waya poupinda uku ndi uku akudziwa kale nkhaniyi. Kulemera kwa bogi kumapinda ekiselo pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso, ndipo poti ekiseloyo ikuzungulira, mbali imene yakokedwa tsopano ndi yomwe ipanikizidwe kamphindi kotsatira. Wilo la bogi likazungulira kamodzi limayenda mamita osakwana atatu. Werengani nokha: kuchokera ku Moatize kufika kunyanja ndi maulendo oposa 300,000 okoka ndi kupanikiza, ulendo wopita wokha.

Mng'alu suyamba pachabe. Umayambira pamene dzimbiri ladya kadzenje, pamene mwala wa panjanji udalumpha n'kugogoda chitsulo, kapena pamene wilo lakhala mothina n'kumakhuzana ndi ekiselo. Umakula mwakachetechete kwa miyezi kapena zaka, wopyapyala kuposa tsitsi, kenaka tsiku lina chitsulo chimangoti phwa!

Azungu adaphunzira izi ndi maliro. Pa 8 May 1842, ekiselo ya mutu wa sitima yochokera ku Versailles kupita ku Paris idathyoka, mabogi adaunjikana n'kugwira moto, ndipo anthu osachepera 55 adafa. Patapita zaka, injiniya wa ku Germany August Wöhler adayamba kuyesa ma ekiselo powazunguliza ali opindidwa, ndipo adaonetsa kuti katundu wochepa wobwerezabwereza amathyola chitsulo chimene katundu wamkulu wa kamodzi sangachithyole.

Kudziwa chifukwa n'kwina, kuona mng'aluwo n'kwina. Apa m'pamene pamalowera maginito.

Nzeruyi idatulukira ku America, komwe William Hoke adaona kuti tizidutswa ta chitsulo chopalidwa timaunjikana motsata ming'alu pa chitsulo chogwidwa ndi maginito. Alfred de Forest ndi F. B. Doane adaikulitsa kukhala ntchito ya malonda, ndipo kampani yawo idatenga dzina la Magnaflux mu 1934.

Mmene zimayendera n'zosavuta kumva. Mawilo ndi ekiselo yake amazichotsa ku bogi n'kupita nazo m'galaja ya sitima, chifukwa iyi si ntchito yogwirira m'mbali mwa njanji pa Kanduku. Amachotsa penti, girizi ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiyere. Kenaka amachisandutsa maginito pogwiritsa ntchito magetsi. Mphamvu ya maginito imayenda m'kati mwa chitsulo ngati madzi mumpope. Ikafika pa mng'alu imasowa podzera, ndiye imatulukira kunja n'kulumpha mpatawo, monga madzi amathawira pamene mpope waboka.

Pamenepo wopima amathira madzi kapena mafuta opepuka osakaniza ndi ufa wachitsulo wosalala kwambiri. Ufawo umathamangira pamene mphamvu ikudontha n'kundandana. Nthawi zambiri ufawo umakhala wopakidwa mankhwala owala, choncho amazimitsa magetsi, kapena kutchinga ndi makatani akuda, n'kuunika ndi nyali yapadera ya UV. Mng'alu umene maso sadauone umaoneka ngati kamzere kobiriwira kowala mumdima.

Pali kachenjerero kamodzi. Mng'alu umaoneka bwino ukapingasa njira ya maginito. Wogona motsata njirayo umabisala. N'chifukwa chake makina opimira ma ekiselo amagwira pawiri: amadutsitsa magetsi amphamvu m'ekiselo momwemo kuti agwire ming'alu yotsata utali wake, ndipo amaidutsitsa m'koyilo ya waya kuti agwire yopingasa. Yopingasayi ndiyo yoopsa, chifukwa ndi imene imadula ekiselo pakati ngati nzimbe.

Pa ntchito zing'onozing'ono pali kachipangizo ka m'manja ka miyendo iwiri, kotchedwa yoke. Asanakakhulupirire, wopima amayenera kukayesa ngati kangathe kunyamula chitsulo cholemera makilogalamu 4.5. Kakalephera, n'chimodzimodzi kusaka mbewa ndi galu wosanunkhiza.

Akamaliza amachotsa mphamvu ya maginito m'ekiselomo. Kupanda kutero, imakoka tizitsulo n'kutilowetsa m'mabering'i, ndiye wachiza mutu n'kuyambitsa m'mimba.

Njirayi ili ndi malire ake. Imagwira pa chitsulo chokhacho chimene maginito amakoka, ndipo imaona ming'alu ya pamwamba kapena ya pafupi ndi pamwamba basi. Pamene wilo laphimba ekiselo, amagwiritsa ntchito makina ena otumiza mawu osamveka ndi khutu m'kati mwa chitsulo n'kumvetsera kubwerera kwake, ofanana ndi sikani ya amayi oyembekezera kuchipatala.

Koma makina paokha sapulumutsa munthu. Usiku wa pa 29 June 2009, mumzinda wa Viareggio ku Italy, ekiselo ya bogi yonyamula gasi idathyoka sitima ikudutsa pasiteshoni. Gasiyo adafalikira m'nyumba zoyandikana n'kuyaka, ndipo anthu 32 adafa, ambiri ali m'nyumba zawo. Ekiseloyo idali itadutsa m'galaja ina ku Germany miyezi ingapo m'mbuyomo, mng'alu osagwidwa. Mu 2017 khoti lidapeza olakwa akuluakulu a makampani angapo, a galajayo ali pomwepo.

Kunena zoona, apa m'pamene nkhaniyi ikukhudzira munthu wa kwa Kanduku amene nyumba yake, dimba lake kapena sukulu ya mwana wake ili pafupi ndi njanji. Malasha saphulika ngati gasi, koma bogi yodzaza imalemera matani makumi angapo, ndipo ikachoka panjanji sifunsa kuti kutsogoloku kuli chiyani. Chitetezo chake chili m'manja mwa munthu amene sadzamuona, woimirira m'chipinda cha mdima kutali, amene akuyenera kukhala wophunzitsidwa, wa maso abwino, komanso wosathamangitsidwa ndi bwana wofuna bogi ibwerere msanga pamzere. Mpake kuti aboma oyang'anira za njanji azifunsa kaundula wosonyeza tsiku limene ekiselo iliyonse idapimidwa komaliza.

Nawonso a m'mudzi ali ndi gawo lawo. Kuika miyala panjanji kapena kuzula tizitsulo togwira njanji kumachititsa wilo kugunda mwamphamvu, ndipo kugunda kulikonse kumafika pa ekiselo. Bogi yomveka gu! gu! gu! mosiyana ndi zinzake, kapena yotuluka utsi pafupi ndi wilo, ndi yofunika kuineneza msanga kwa ogwira ntchito panjanji kapena kupolisi ya Mwanza, ndipo ngati n'kotheka mutchule nthawi imene yadutsa ndi kumene yalowera.